Mipando ya Mayi Helen

Kufupi ndi Dudley
9 Epulo 2006

Okondedwa Bambo a Mwai,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Ndikhulupirira kuti inu ndi Mwai mukudzuka bwino, ndiponso kuti chifuwa chija chinamusiya mwanayo. Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo ikudandaula ndi mashifiti aatali.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Ntchito ija ndinafunsira ku chipatala chachikulu cha ku Walsgrave, mumzinda wa Coventry, andilemba. Ndiyamba mu Juni. Ndiye kuti ndikusiya nyumba yosamalira okalamba ino n'kubwerera mu wodi, monga ndinkachitira ku Dedza. Malipiro ake ndi okwanira kuti a maviza alole inu ndi Mwai kubwera. Ndatopa ndi kumuona mwana wanga akukula pa zithunzi.

Koma pali chimodzi chatsala, ndipo ndikufuna ndichifotokoze bwinobwino pano, poti pa foni khadi imatha ndisanafike pakati pa nkhani. A maviza sayang'ana malipiro okha. Amafunanso umboni woti muli ndi pofikira: nyumba ya zipinda ziwiri zogona, pangano la lendi, ndi kalata ya mwini nyumba yovomera kuti mwamuna ndi mwana adzakhalamo. Kachipinda kamene ndikukhalamo panopa, ukatsegula chitseko chimagunda bedi. Popanda nyumba, palibe viza.

Nyumba zotchipa zilipo. Vuto ndi loti ine sindikufuna yotchipa chabe. Mwezi wamawa kuno kuli zisankho za makhansala, ndipo m'dera lathu lino mwalowa chipani china chimene uthenga wake ndi umodzi wokha: alendo abwerere kwawo. Timapepala tawo amatilowetsa pa kabowo ka makalata ka pachitseko. Sabata yatha anyamata ena anandigenda ndi chitini cha mowa pa siteji ya basi, ndili mu yunifolomu. Ine ndine wamkulu, ndinangopukuta n'kukwera basi yanga. Koma Mwai ndi mwana wa sitandade 2. Sindingamuchotse kwa agogo ake ndi anzake kudzamuika pa msewu wotere.

Ndiye ndaphunzira kuwerenga mawindo. Azungu akuno sakuuza maganizo awo pakamwa, amawamata pa windo. Tsiku lopuma ndimakwera sitima kupita ku Coventry n'kumayenda msewu ndi msewu ngati wogulitsa mandasi. Ndikaona mawindo omata zokana nkhondo, zolandira othawa kwawo, kapena zosamala chilengedwe, ndimadziwa kuti pamenepo munthu wakuda atha kugogoda n'kupempha mchere. Anthu otere kuno amawatcha maliberal. Choipa chake n'chakuti kumene iwo amakonda kukhala, lendi ndi yokwera. Ku Earlsdon ndinafunsa mtengo, n'kuthokoza mwaulemu, n'kutuluka chammbuyo. Maejenti ena ochititsa lendi nyumba akangomva lilime langa pa foni, nyumbayo imakhala kuti yatengedwa m'mawa womwewo.

Mundipempherere. Mundiuzenso ngati chimanga chacha, ndiponso ngati amayi akumwa mankhwala awo osadumphitsa.

Ine wanu,
Esnart

Linthipe
1 Meyi 2006

Mayi a Mwai,

Kalata yanu yafika Lachisanu, itagonera ku positi chifukwa njinga ya mesenjala wa sukulu inathyoka foloko. Tonse tili bwino. Chifuwa chinatha, koma dzino lakutsogolo lagweluka, ndiye mwana wanu akumaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Chimanga chacha kwambiri chaka chino. Amayi anu akudandaula kuti nkhokwe yachepa.

Za ntchito ndakondwa. Nditawauza anzanga mu ofesi ya aphunzitsi, anandikakamiza kuwagulira zakumwa, ngati wolembedwa ntchitoyo ndine.

Koma za mawindozi zandisowetsa mtendere. Mayi a Mwai, inu munapita kumeneko kukabaya jakisoni, osati kukasankha chipani. Kodi mwaiwala kuti bambo anga anagona ku polisi nthawi ya chipani chimodzi chifukwa chongochita lendi nyumba ya munthu amene ankamuganizira zoukira? Iwo ndale sankazidziwa, ankangolipira lendi. Lero mulowa m'nyumba ya maliberal anuwo, mawa aluza zisankho. Opambanawo adzayambira ndani? Adzayambira mlendo wa m'nyumbamo. Tengani nyumba yotchipa pa msewu wopanda zomatamata, mutseke makatani, muzipita ku ntchito ndi ku tchalitchi basi.

Mphunzitsi mnzanga akuti mlamu wake amakhala ku Lozells, ku Birmingham, ndipo akuti kumeneko anthu akuda ndi ochuluka ngati ku Kawale. Koma ndinamvanso pa wailesi chaka chatha kuti kunali zipolowe. Ndiye sindikudziwa. Ine Mangalande ndimamudziwa pa mapu amene ndimaphunzitsira ana, ndipo pa mapu misewu yonse ndi yaulemu.

Anyamata a chitini aja andipweteka mtima. Bwanji simunandiuze pa foni? Zoterezi musamazisungire kalata.

Mwai akufunsa ngati chipinda chake chidzakhale ndi chitseko. Ndamuuza kuti amayi ake akadali pa mawindo, ku zitseko sanafike.

Mukapeza kangachepe tumizani, pasipoti yake ikufuna zithunzi zatsopano. Tidikira kaye dzino limere, kapena amujambule atatseka pakamwa.

Ndine wanu,
Dyson

Chapelfields, Coventry
18 Juni 2006

Okondedwa Bambo a Mwai,

Moni kwa inu, kwa Mwai ndi kwa amayi. Pepani ndachedwa kuyankha. Onani adiresi pamwambapo, ndiyo yandichedwetsa.

Ndiyambe ndi mantha anu, poti ndikuwamvetsa. Za bambo sindinaiwale. Koma kuno chipani chikaluza, palibe amene amabwera kudzagwedeza chitseko. Oluzawo amangomatula pepala pa windo n'kumatapo lina lofunafuna mphaka wosowa. Sindinagule khadi la chipani chilichonse. Chimene ndimayang'ana pa windo si chipani, koma ngati anthu a m'nyumbamo angamuyankhe moni mwana wathu.

Komabe museke, chifukwa nzeru zangazi zinandichititsa manyazi. Chakumapeto kwa Meyi ndinabwereranso kuno ku Chapelfields, dera loyandikana ndi Earlsdon koma lotsikirako mtengo, kumene ndinali nditakondako msewu wina. Ndinapeza msewu wonse uli mbuu mbendera zoyera za mtanda wofiira, pa mawindo ndi pa magalimoto pomwe. Kumene ndachokera kuja, anthu a chipani chodana ndi alendo amaikonda mbendera imeneyi. Ndinalowa m'kagolosale ka mmwenye wina pakona kuti ndigule madzi, n'kupeza nayenso waipachika pamwamba pa kauntala. Nditamufunsa, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndi mpira, timu ya dziko lino ikupita ku mpikisano wa ku Germany.

M'golosale momwemo, pa galasi, panali kakhadi kolemba pamanja: nyumba ya zipinda ziwiri, ya mipando kale. Ndinaimba ndili pomwepo.

Eni ake ndi Mayi Helen. Ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, wamasiye, wamtali, wa imvi zometa mwachidule, ndipo kulikonse amapita pa njinga. Amakhala nyumba yogundana ndi inoyi. Ino inali ya malemu mayi awo. Anandithirira tiyi n'kundiuza kuti amasankha dala wa ku Thyolo. Kenaka anandipepesa chifukwa dziko lawo likutenga manesi a ku Malawi pomwe odwala kwathu alibe owasamala. Ndinangomwa tiyi wanga, poti wotengedwayo ndine, ndipo chimene ndinabwerera ndi nyumba.

Lendi yake ndi yoti ndingathe, chifukwa palibe ejenti pakati. Koma pali mfundo. Amene ankakhala muno anali ana a ku yunivesite, ndipo anawasautsa ndi maphwando. Ndiye akuti tiyesane kaye mpaka kutha kwa Ogasiti. Tikagwirizana, adzasaina pangano la chaka chathunthu ndi kulemba kalata ya a maviza ija. Andipempha ziwiri. Choyamba, ndisasonkhanitse gulu la anthu osawauza, makamaka poti mbali inayi kuli mayi wina, Ann, ali ndi khanda. Chachiwiri, ndisamale mipando ya pabalaza, sofa yobiriwira ndi mipando iwiri yandalema, imene anagula ndi mayi awo. Ndinati zimenezo n'zosavuta. Ine phwando ndilichita ndi ndani?

Ku ntchito ndimakwera mabasi awiri, koma sindikudandaula. Kumapeto kwa msewu kuli sukulu, ndipo ndinaima pa mpanda kuonerera ana akuweruka. Analipo a mitundu yonse, akukokana zikwama chimodzimodzi. Amalawi timapemphera Lamlungu masana mu holo yobwereka. Mkulu wa mpingo ndi a Saulos, akauntanti, kwawo ku Dedza komweko. Mu wodi mwathu ndapezamo mtsikana wa ku Mulanje, Flossie, amene amakhala ku hositelo ya manesi. Tayamba kale kudyera limodzi.

Muuzeni Mwai kuti chitseko chilipo, ndipo chili ndi chogwirira chamkuwa.

Ine wanu,
Esnart

Mayani
9 Julaye 2006

Mwana wanga Esnart,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi mng'ono wako Roselyn, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo mawu ngakhale amodzi.

Kuno matupi ali bwino koma mitima ayi. Akazi a Saulos anaimbira achemwali awo a ku Dedza boma. Achemwali awowo anauza a Nachisale ku chigayo. A Nachisale anafikira kuno ufa uli pamutu, kwawo asanapite. Akuti katundu wako anamutulutsa panja, anthu odutsa n'kumatola. Akuti iwe ndi mzungu wa nyumbayo simukuyankhulana.

Walakwa chiyani? Ngati ndi lendi, leka kutitumizira ife, chimanga chilipo chambiri. Ngati akuthamangitsa, usagone m'misewu ngati wopanda kwawo. Bwera. Chipatala cha Dedza sichinasamuke. Amene akufuna kuseka aseke, sadzaseka chaka chonse.

Bambo a Mwai akuti palibe vuto, koma ine ndawaona, kolala ya malaya yayamba kuwakulira.

Ndine mayi ako

Mayi a Mwai, ndapempha Roselyn kuti andisiyire malo pansi pano. Lachitatu ndinakwera pa chulu paja kuti ndipeze netiweki, ndipo munati zonse zili bwino. Munayankhula ndi liwu lomwe lija la tsiku limene munagwetsa wailesi yanga. Lembani zoona. Ngati ndi anthu a chipani aja, nenani. Sindidzati ndinakuuzani, ngakhale ndinakuuzani.

Dyson

Chapelfields, Coventry
11 Julaye 2006

Okondedwa Bambo a Mwai,

Moni nonse. Kalata iyi ndapatsira mnzathu amene akukwera ndege mawa, kuti ifike msanga. Pa foni paja ndinakunamizani. Zinthu sizili bwino, ndipo wolakwa ndine.

Kumapeto kwa Juni, Flossie analandira uthenga kuti mayi ake amwalira ku Mulanje. Ku hositelo kwake ndi kachipinda kamodzi, ndipo salola gulu. A Saulos anafunsa kuti ndani ali ndi balaza loti anthu n'kukhalamo. Onse anandiyang'ana ine. Mayi Helen anali atapita ku Wales kwa mwana wawo, ndipo foni ya m'manja alibe, amati imasokoneza mtendere. Ndikanatani? Mtsikanayo anali atakhala pansi m'khonde la wodi, akulira yekha. Ndinati bwerani.

Anabwera a ku Birmingham, a ku Wolverhampton, ngakhale anzathu a ku Zambia. Tinachita monga timachitira kwathu. Azibambo ananyamula mipando yonse ya pabalaza kuitulutsa panja, kuti azimayi tikhale pansi ndi namfedwa. Kabwalo kakutsogolo n'kakang'ono, ndiye sofa ndi mipando yandalema ija zinafika mpaka moyenda anthu m'mbali mwa msewu. Azibambowo anakhala pamenepo. Tinaimba motsitsa, poganizira khanda la Ann.

Loweruka chipepeso chitakwana tikiti, tonse tinanyamuka kumuperekeza Flossie ku Pool Meadow, kumene amakwerera basi ya ku bwalo la ndege. Palibe anafuna kutsala. A Saulos anandikumbutsa kukhoma chitseko, ndipo ndinakhomadi, n'kuyesa kawiri. Za mipando palibe anaganiza. Kwathu ndani angatole mpando wa pamaliro?

Pobwera tinapeza khushoni imodzi yokha.

Ndikufotokozereni, kuti musaganize kuti msewu uno ndi wa akuba. Kuno ukaika chinthu panja m'mbali mwa msewu, ndiye kuti wanena kuti sukuchifunanso, wofuna atenge. Ndiponso imeneyi ndi nyengo imene ana a ku yunivesite amasamuka, ena kutuluka ena kulowa, ndipo amayenda akuyang'ana zoterezi. Tonsefe timazidziwa. A Saulos amene TV yawo yoyamba anaitola chomwecho. Koma masiku awiri amenewo palibe anali ku Coventry. Tonse tinali ku Mulanje.

Mayi Helen anabwera Lolemba. Ndamva kuti Ann anawaimbira kwa mwana wawo kuja, kuti kunyumba kwabwera anthu ambiri ndipo akutulutsa katundu. Anagogoda, ine ndili m'kati, koma sindinatsegule. Anagogodanso tsiku lina. Tsopano ndimatulukira khomo lakuseri, ndipo makatani a pabalaza sinditsegula. Analowetsa kapepala kakuti tiyenera kukambirana. Kuno mawu amenewo sakhala oitanira tiyi.

Ndikufuna ndiipeze kaye mipandoyo ndisanaonane nawo. Ndayenda m'mashopu a katundu wakale. Ndayenda misewu yoyandikira ndikusuzumira m'mawindo mwa anthu, tsopano osati kuwerenga zomata koma kufunafuna sofa yobiriwira. Palibe.

Anandipempha zinthu ziwiri zokha, ndipo ndaswa zonse pa sabata imodzi. Ndikuopa kuti nyumba yapita, ndipo viza yanu yapita nayo. Musamuuze Mwai.

Ine wanu,
Esnart

Linthipe
18 Julaye 2006

Mayi a Mwai,

Makalata athu aphonyana m'njira. Ya amayi ikakupezani musadabwe nayo, tinailemba tisanadziwe. Zimene ndinakuuzani pa foni dzulo ndikuzibwereza pano, poti netiweki inkadula ndipo sindikudziwa kuti munamva ziti.

Ndikuuzeni zoona, nditawerenga ndinayamba ndaseka. Ine ndinkaona anyamata a chipani akukuponyerani masutikesi kunja, pomwe otulutsa katunduyo ndi akulu a mpingo. Kenaka ndinakhala pansi, kuseka kutatha.

Ndinapita ku Mayani kukawawerengera amayi. Akuti potsegula nyumba munachita bwino, ndipo mukanamukaniza mwana wa eni polirira, akanakukanani kuti sindinu mwana wawo. Koma zotulukira kuserizo akuti sanakuphunzitseni ndi iwo. Inenso ndikuti chimodzimodzi. Mayi amene anakuthirirani tiyi mukumusiya agogode ngati wokongoza? Mpando munataya mosadziwa, koma chitseko mukuchitseka mukudziwa.

Lekani kufunafuna sofa. Pitani. Ndipo musapite nokha ngati wopanda abale. Tengani a Saulos ndi akazi awo akakuyankhulireni, poti onyamula mipandoyo anali iwo. Amayi akuti mutenge nkhuku. Ine sindikudziwa ngati azungu amalandira nkhuku, zimenezo muona nokha.

Akakutulutsani, akutulutseni mutapepesa. Tidzadikira chaka china. Sitinafe ndi ziwiri zapitazi. Mwai sindinamuuze kanthu, koma mwana ameneyu amamva ndi za m'chipinda chotseka zomwe, ndiye fulumirani.

Ndine wanu,
Dyson

Chapelfields, Coventry
13 Ogasiti 2006

Okondedwa Bambo a Mwai,

Moni kwa inu, kwa Mwai, kwa amayi ndi kwa Roselyn. Mutu wa nkhani ndinakuuzani kale pa foni, koma munati mukufuna zonse, ndiye khalani pansi.

Tinapita Loweruka lotsatira foni yanu ija. Flossie anali atangobwera kumene ku maliro, ndipo anati sangatsale. Kunja kunkatentha ngati Okutobala wa ku Nsanje, koma a Saulos anavala suti ndi tayi. Akazi awo anaumirira za nkhuku, ndiye tinagula ya m'firiji, yolimba ngati mwala, n'kuikulunga m'chitenje.

Mayi Helen atatsegula n'kuona anthu anayi titaima ndi nkhope zamaliro, anagwira chitseko ndi manja awiri. Tisanapereke n'komwe moni anati, "Esnart, wakuchita chipongwe ndani? Ndiuze nambala ya nyumba yake."

Bambo a Mwai, masabata onse amene ine ndinkabisala, iwo ankaganiza kuti wina wa mumsewu muno anandiopseza, anzanga n'kubwera kudzandisamutsa, ndipo sindikutsegula chifukwa ndawaika m'gulu limodzi ndi wondiopsezayo. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa. Bambo wina wokalamba wa kumapeto kwa msewu anakangana naye mpaka sakupatsana moni, pomwe munthuyo sanalakwe kanthu.

Tinalowa. Azimayi tinakhala pansi pa kapeti, iwo n'kumatilozera mipando, ife n'kumakana. A Saulos anakonza kukhosi n'kuyamba. Mukuwadziwa anthu a kwathu. Anayambira kufotokoza kumene kuli Malawi, mitundu ya anthu ake, ndi kusiyana kwa maliro a kumudzi ndi a m'tauni. Atafika pa kubwera kwa amishoni, Mayi Helen anakweza dzanja ngati m'kalasi.

"Bambo, pepani. Esnart akusamuka kapena sakusamuka?"

A Saulos anati akubwera pomwepo. Koma Flossie anawadula.

"Mayi anga anamwalira. Ndinalibe polirira. Esnart anandipatsa nyumba yanu."

Mayi Helen anamufunsa Flossie dzina la mayi akewo, n'kulitchula kawiri mpaka analikhoza. Kenaka anati, "Nanga mipando inalowa bwanji m'nkhaniyi?"

Apa ndinayankha ndekha. Nditafika poti tinakhoma chitseko mosamala n'kusiya sofa pa msewu, anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, koma kuseka kutatha misoziyo sinasiye. Akuti pa sofa imeneyo ndi pamene mayi awo ankakhala zaka zawo zomaliza, akuyang'ana anthu odutsa. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Atapukuta m'maso anandidzudzula, ndipo sanandinyengerere. Akuti za anthu akanavomera. Za mipando zawapweteka, koma ndi ngozi. Chimene sangachilandire ndi kugogoda pa khomo la mayi awo, akumva ketulo ikuwira m'kati, wina osatsegula. Anandiuza mosabisa kuti anali ataganiza zoti Ogasiti akatha tisiyane, poti sangakhale khoma limodzi ndi munthu wowathawa. Ndinangoti ndinachita mantha ndi manyazi, ndipo ndinkaopa kutaya nyumba ya mwana wanga.

Anati, "Ukanaitaya chifukwa cha kuopako."

Pamenepo akazi a Saulos anaona kuti nthawi yakwana, n'kumasula chitenje. Mayi Helen anaiyang'ana nkhukuyo nthawi yaitali. Sadya nyama, akuti anasiya asanakwatiwe. A Saulos thukuta linachita kutsikira m'kolala. Koma mayiwo anailandira ndi manja awiri, atafunsa kaye ngati ndi mmene timalandirira, n'kukaipereka kwa Ann. Chitenje anasunga. Ann naye anadzandipepesa chifukwa cha foni ija, ngakhale sanalephere kunena kuti magalimoto a alendo anga anamutsekera potulukira. Ameneyo ndi mlandu woona, ndinauvomera.

Za sofa, zimene ine ndinalephera masabata atatu iwo anazitha ndi kakhadi kamodzi pa galasi la golosale ija. Patapita masiku ochepa anyamata a ku yunivesite a msewu wakuseri anabwera ataisenza, pamodzi ndi mpando umodzi, akupepesa ngati aswa tchalitchi. Ikununkha mowa ndi fodya, ndikuichapabe. Mpando winawo sunapezeke. Ndinati ndigula wina, iwo anati wina sangakhale womwewo, ndisiye.

Mukudziwa kuti namfedwa akabwera ku maliro anthu amasonkhananso kudzamva mmene zinayendera. Ulendo uno ndinayamba ndakagogoda kwa Mayi Helen. Anati mipando idzere khomo lakuseri ikasungidwe kwawo, azibambo akhale pa kapinga wakuseri, magalimoto akaime ku sukulu. Tsikulo anabwera okha atanyamula keke, n'kufunsa kumene azimayi amakhala. Anavula nsapato, nakhala pansi pafupi ndi Flossie, miyendo atatambasula ngati ife. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe la nyimbo zathu, koma sanachoke mpaka pemphero lotsekera. Podzuka zinatengera manesi awiri. Tikutsuka makapu anandiuza kuti amuna awo atamwalira, anthu anamwa tiyi n'kubalalika dzuwa lisanalowe, ndipo makapu anatsuka okha.

Sanadikire kutha kwa Ogasiti. Lachinayi anabwera ndi pangano la chaka chathunthu, tinasainirana pa tebulo la kukhitchini. Lili m'envelopu muno pamodzi ndi kalata yawo, imene yatchula inu ndi Mwai ndi mayina anu onse. Musazipinde, ndipo musawapatse a Nachisale kuti aone. Pitani nazo ku ofesi ya maviza ku Lilongwe sabata yomwe zafikayo. Mwai muuzeni tsopano. Amayi muwauze kuti nkhuku inagwira ntchito, zina zonsezo musawauze.

Lachisanu ndinagona osamva alamu. Ndinadzidzimuka dzuwa lili pankhope, basi yoyamba itapita kalekale. Chibwerere kuno sindinachedwepo ku ntchito, ndiye asisitala a wodi anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinawauza kuti ayi, ndinangogona.

Ine wanu,
Esnart